Dzanja, khutu ndi mutu: mmene sukulu ya pulayimale imaphunzitsira mwana kulemba

Mufunseni mwana wa zaka 6 zimene galu anachita dzulo. Akufotokozerani mpaka mutopa: mmene galuyo anathamangitsira nkhuku, mmene nkhukuyo inalowera kunsi kwa benchi, amene anakuwa, amene anaseka, ndi pamene iye mwini anaima. Mawu amangotuluka osapunthwa. Ndiyeno mupatseni pensulo ndi kope, mumuuze kuti alembe zomwezo. Kalilime kamasuzumira pakamwa, phewa limakwera, mutu umagonera pafupi ndi pepala. Pakatha mphindi 20 mudzapeza mzere umodzi wokhota, wokwera chitunda: "galu anatamagitsa nkuku". Nkhani yonse ija yathera m'mawu atatu.

Ambiri tikaona zimenezi timathamangira kunena kuti mwanayo ndi waulesi, kapena kuti mutu wake sugwira. Si choncho ayi. Kuyankhula mwana amakutola yekha, bola akhale pakati pa anthu oyankhula. Kulemba ndi luso lochita kupangidwa ndi anthu, ndipo si lakalekale kwenikweni. Zolembedwa zakale kwambiri zimene zinapezeka ku Mesopotamia, kumene lero kuli dziko la Iraq, ndi za cha m'ma 3200 BC, pamene anthu anali atayankhula kale kwa mibadwo yosawerengeka. Palibe mwana amene amabadwa ndi mbali ya ubongo yodikirira malembo. Ubongo umachita kubwereka mbali zimene zili kale ndi ntchito zake, za kuona, za kumva ndi za kuyendetsa zala, n'kuziphunzitsa kugwirira limodzi. Kuphunzitsa kumeneku ndi kumene kumadya zaka zonse za kupulayimale.

Taonani katundu amene mwana uja wasenza. Pa nthawi imodzimodziyo ayenera kukumbukira chimene akufuna kunena, kusankha mawu, kuwaphwanya mawuwo m'maliwu ake, kukumbukira lembo la liwu lililonse, kudziwa poyambira lembolo ndi kolowera, kugwira pensulo, kutsata mzere, ndi kusiya mpata pakati pa mawu. Komatu malo amene munthu amasungiramo zinthu zimene akuziganizira pa nthawiyo ndi ochepa, ngati kambale kakang'ono: ukaikamo ichi, icho chimagwa. Virginia Berninger wa ku University of Washington, amene anafufuza kalembedwe ka ana kwa zaka zambiri, anasiyanitsa ntchito yotsitsira mawu papepala, yomwe ndi kuumba malembo ndi kulemba mawu molondola, ndi ntchito yopeza choti unene n'kuchisanja bwino. Tingazitche ntchito ya pansi ndi ntchito ya pamwamba. Ya pansi ikamadya nzeru zonse, ya pamwamba imasowa pokhala. Mwana amene akulimbana ndi funso lakuti mimba ya "g" imayang'ana kuti, nkhuku ija waiiwala kale.

Mutu wa nkhani wagona pamenepa. Sukulu yodziwa ntchito yake imayendetsa ziwirizi limodzi. Imapeputsa ntchito ya pansi poibwereza pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku mpaka dzanja lizidziyendera lokha, ndipo pa nthawi yomweyo imakulitsa ntchito ya pamwamba kudzera pakamwa, osadikira kuti dzanja likhwime kaye. Sukulu imene imangogwira mbali imodzi imatulutsa ana a mitundu iwiri yomvetsa chisoni: odziwa kuumba malembo okongola koma opanda choti anene, ndi odzala ndi nkhani koma olephera kuzitsitsa papepala.

Poyambira si pa lembo. Mwana wamng'ono amajambula ndi mkono wonse, kuchokera paphewa. Pang'onopang'ono mphamvu imatsikira ku chigongono, kenako kudzanja, pomaliza ku nsonga za zala. N'chifukwa chake m'makalasi oyambirira ana amaumba dongo, kung'amba mapepala, kutunga mikanda pa ulusi, kudula ndi sizasi ndi kulemba ndi chala pamchenga. Kholo likaona limadandaula kuti mwana akungosewera kusukuluko, chonsecho zala zikukonzekera pensulo. Ngakhale mizere imabwera motsatana: woimirira umayamba, kenako wogona, kenako wozungulira, kenako mtanda, ndipo mizere yopendekeka imabwera mochedwa, nthawi zambiri mwana akamayandikira zaka 5. Ndiye musadabwe kuti "k", "z" ndi "v" amazunza ana aang'ono kuposa "l", "t" ndi "o".

Kagwiridwe kozolowereka ka pensulo n'kakuti chala chachikulu ndi chamkombaphala zimatsina, chapakati n'kuchirikiza kunsi. Pali magwiridwe enanso amene amayenda bwino, ndipo si chinthu cholimbanirana ndi mwana ngati akulemba momasuka. Choyenera kuyang'ana ndi ichi: kodi nsonga za zala zayera chifukwa chofinya? Kodi malembo adinda mpaka masamba atatu a kutsogolo? Kodi akumaima kuti akutumule dzanja? Mwana wotere amatopa asanafike pakati pa tsamba, ndipo amayamba kudana ndi kulemba asanadziwe n'komwe kukoma kwake.

Tikafika pa malembo enieni, mfundo imene ndimaona kuti ambiri amaiphonya ndi yakuti lembo si chithunzi choti uchifanizire. Lembo ndi njira yoti dzanja liyendemo, ili ndi poyambira ndi pothera. Mphunzitsi waluso saphunzitsa malembo motsata alifabeti, amawaika m'mabanja potengera kayendedwe ka dzanja. "c", "a", "d", "g" ndi "o" onse amayamba mofanana, kuzungulira cha kumanzere. "r", "n", "m", "h", "b" ndi "p" amatsika kaye, n'kukweranso, n'kudumphira kumanja. Mphunzitsi amatembenukira ku bolodi kuti dzanja lake liyende mbali imodzi ndi manja a ana, amalemba m'malere, akunena mokweza: "Tiyambire apa, tizungulire, tikwere, titsike." Ana amatsatira m'malere, kenako padesiki ndi chala, kenako m'kope.

Chovuta n'chakuti mwana akhoza kupanga "a" wooneka bwinobwino pojambula kampira n'kukabayira kandodo kuchokera pansi. Papepala palibe cholakwika. Mphunzitsi amene amangochonga makope madzulo sangadziwe. Amadziwa ndi amene amayendayenda m'kalasi kuyang'ana manja akuyenda. Cholakwika chobisikachi chimadzaonekera m'makalasi apakati, pamene pafunika kulemba mofulumira: malembo ojambulidwa zidutswazidutswa amaphwasuka, ndipo chizolowezicho chimakhala chitamera mizu.

Maria Montessori anaizindikira nkhani ya dzanjayi kalekale. Pasukulu imene anatsegula mu 1907 ku San Lorenzo mumzinda wa Rome, ana ankasisita ndi zala malembo odulidwa papepala lokhakhala, uku akutchula liwu lake, ndipo ambiri anayamba kulemba asanayambe kuwerenga. Patapita zaka zoposa 100, Karin James wa ku Indiana University anaunika zomwe zimachitika mu ubongo. Mu kafukufuku amene anatuluka mu 2012, ana a zaka 5 osadziwa kuwerenga anaphunzira malembo m'njira zitatu: kutayipa, kudutsitsa pensulo pa lembo lolembedwa kale, ndi kulemba okha pamalo opanda kanthu. Atawaonetsanso malembowo akuunikidwa ndi makina, mbali za ubongo zimene anthu amawerengera zinagwira ntchito kwambiri pa malembo amene anawo analemba okha. Maganizo a ofufuzawo anali akuti malembo okhotakhota amene mwana amatulutsa, lina lonenepa, lina lowonda, lina lopendama, ndi amene amaphunzitsa ubongo chimene chimapangitsa "a" kukhala "a". Choncho kutsata timadontho kuli ndi malo ake pa chiyambi, koma mwana asakhalitsepo.

Nanga "b" ndi "d" amene amasautsa makolo? Ganizirani kapu. Chogwirira chake chiyang'ane kumanja kapena kumanzere, ndi kapu basi. Kuyambira ali khanda mwana waphunzira kuti chinthu sichisintha dzina chikatembenuka, ndipo maso a munthu anazolowera motero. Malembo ndi amene amaphwanya lamuloli. Stanislas Dehaene, katswiri wa ubongo wa ku France, anafotokoza kuti pophunzira malembo ubongo umachita kusiya chizolowezi chakalechi. Ndiye kutembenuza malembo pa zaka 5 kapena 6 si matenda. Mankhwala ake ali m'dzanja momwemo: "b" amayambira pamwamba ndi ndodo, "d" amayamba ngati "c". Dzanja likasiyanitsa, maso amatsatira. Ndipo si nzeru kuphunzitsa awiriwa sabata imodzi.

Pano ndiimepo pang'ono chifukwa cha ana amanzere, amene ndi pafupifupi mmodzi mwa ana 10 alionse. Kumukakamiza mwana wotere kulembera kumanja ndi nkhanza zopanda phindu. Chimene akusowa n'chochepa: akhale kumanzere kwa mnzake kuti zigongono zisagundane, kope alipendeketsere kumanja, ndipo pensulo aigwire chapatali pang'ono ndi nsonga kuti aziona zimene walemba m'malo moziphimba ndi dzanja.

Dzanja likamaphunzira njira zake, khutu nalo limakhala pa sukulu yake. Kuti mwana alembe mawu ayenera kuzindikira kuti mawu amene amatuluka pakamwa ngati chinthu chimodzi ali ndi tizidutswa m'kati. Ana safika kusukulu ali opanda maganizo pa nkhaniyi. Emilia Ferreiro ndi Ana Teberosky, pa kafukufuku wawo wa ku Argentina amene anatuluka mu 1979, anapeza kuti ana amadzipangira malamulo awoawo. Ambiri ankakhulupirira kuti malembo osakwana atatu sangawerengeke, ndiponso kuti lembo limodzi lobwerezedwabwerezedwa silinena kanthu. Ena ankaganiza kuti chinthu chachikulu chimafuna malembo ambiri. Mwana woganiza motere mukamuonetsa "njovu" ndi "nyerere" n'kumufunsa pamene palembedwa njovu, adzaloza mawu aataliwo. Kenako amafika pa sitepe ina yokongola: lembo limodzi pa phatikizo lililonse. Mukamuuza kuti alembe "galimoto" amalemba "aioo". Wosadziwa amati ndi zopanda mutu. Mphunzitsi wodziwa amasangalala, chifukwa mwanayo wamva maphatikizo onse anayi, ndipo watola liwu lolondola pa lililonse.

Charles Read, mu 1971 ku America, anasonkhanitsa zolemba za ana amene ankadzilembera mawu asanaphunzitsidwe, ndipo anaona kuti zolakwa zawo zinali ndi dongosolo. Chimodzi chimene ankachita kawirikawiri ndi kusiya "n" kapena "m" akatsogozana ndi lembo lina lopanda liwu, monga "g" kapena "b". Tibwerere ku mzere uja: "galu anatamagitsa nkuku". Mwanayu wasiya "n" wa mu "nga", ndipo wasiya "h" kawiri. China chilichonse walondola. Mzere umenewu ndi kalata yopita kwa mphunzitsi yomuuza choti aphunzitse mawa. Mawa lakelo ana aike chikhatho patsogolo pa kamwa, anene "kuponya" kenako "kuphonya", "kola" kenako "khola", amve kampweya kakugunda dzanja. Kampweya kameneko ndiye "h". Tsiku lina adzasiyanitse "ng'ona" ndi "ngolo", aone kuti kachizindikiro kakang'ono ka mu "ng'" kali ndi ntchito.

Kuchuluka kwa ntchito ya khutuyi kumadalira chiyankhulo. M'Chichewa, m'Chiswahili, m'Chisipanishi kapena m'chiyankhulo cha ku Finland, malembo ndi maliwu amagwirizana kwambiri, moti ukamva bwino ulemba bwino. Chingerezi sichitero: liwu limodzi limalembedwa m'njira zingapo, ndipo lembo limodzi limatchulidwa mosiyanasiyana. Philip Seymour ndi anzake atayerekeza ana a m'mayiko a ku Ulaya mu 2003, anapeza kuti ana a ziyankhulo zambiri ankawerenga bwino mawu osavuta pofika kumapeto kwa chaka choyamba, pamene ana a Chingerezi ankatenga nthawi yoposa kawiri. N'chifukwa chake njira yophunzitsira siyenera kungotengedwa ku chiyankhulo china osaiganizira. Kumene maphatikizo ali oonekera, ana amathamanga ndi ma, me, mi, mo, mu. Ndi malembo anayi okha, a, i, m ndi n, mwana wayamba kale kulemba "ana", "ina" ndi "amama" m'masabata oyambirira. Maphatikizo olemera monga a mu "nkhwangwa" ndi "ntchentche" amadikira nthawi yake.

Lembetso ndi chida chabwino chimene chimaonongeka chikasanduka mayeso oopseza. Lembetso lothandiza ndi lalifupi, la mawu okhala ndi malembo amene ana aphunzira kale. Mphunzitsi amatchula, ana amabwereza, amaomba m'manja kuwerenga maphatikizo, amalemba, ndipo nthawi yomweyo amayerekeza ndi za pabolodi n'kudzikonzera okha. Pa zolemba zawozawo, ana aloledwe kuyesa mawu amene sanaphunzire. Mwana amene amaopa kulakwitsa amangosankha mawu amene akuwadziwa kalembedwe kake, ndipo nkhani yake imauma. Koma kumulola kuyesa sikutanthauza kumusiya choncho mpaka kalekale. Kalembedwe koyenera kaphunzitsidwe ndithu, pa nthawi yake.

Mpata wa pakati pa mawu nawonso ndi wochita kuphunzira, chifukwa poyankhula sitiima pa mawu alionse. Ngakhale akuluakulu akale a Chilatini ankalemba mawu mondondozana popanda mipata, mpaka amonke a ku Ireland anayamba kuwalekanitsa cha m'ma 600 ndi 700 AD. Mwana amene walemba "galuwangawathawa" ali pa njira imene anthu anayendamo kwa zaka mazanamazana. Kuika chala pakati pa mawu kumathandiza, koma chothandiza kwambiri ndi kuwerenga mawu a chiganizocho pa zala asanayambe kulemba.

Apa tafika pa chiganizo, ndipo ine ndimaona kuti ndi pamene masukulu ambiri amadumpha. Amachoka pa mawu n'kufikira pa chimangirizo, ngati kuti chiganizo chimadzibwerera chokha. Chiyankhulo cholemba si chiyankhulo cha pakamwa chothiridwa inki. Poyankhula umaloza ndi chala, umasintha nkhope, ndipo mnzako akasokonezeka amakufunsa. Papepala zonsezo palibe. N'chifukwa chake ana amayamba ndi kulemba unyolo wosatha: "ndipo tinapita ndipo tinaona ndipo kenako ndipo". Lamulo loyamba ndi lakuti chiganizo chinenedwe pakamwa chisanalembedwe. Mwana achinene kwa mnzake, achibwereze, achilembe, kenako achiwerenge akuloza ndi chala kuti aone ngati mawu onse afika. Mpumiro ndi lembo lalikulu zimakhala ndi tanthauzo kwa mwana amene wamva ndi khutu pamene ganizo lathera.

Pali kachizolowezi kena kosavuta kamene Judith Hochman, mphunzitsi wa ku New York, anakatchukitsa. Ana amapatsidwa chiyambi chimodzi kuti achimalize katatu ndi alumikizi atatu. "Mbewu yathu inafota chifukwa..." "Mbewu yathu inafota koma..." "Mbewu yathu inafota choncho..." Koyamba mwana ayenera kupeza gwero, kachiwiri chotsutsa, kachitatu zotsatira. Sangamalize osaganiza, ndipo sangakopere kwa wina aliyense. China ndi kulumikiza ziganizo: "Mvula inagwa. Mtsinje unadzaza. Ana sanawoloke." Ana amayesa njira zosiyanasiyana zopangira chiganizo chimodzi, monga "Mvula itagwa mtsinje unadzaza moti ana sanawoloke", n'kukambirana imene ikumveka bwino. Steve Graham ndi Dolores Perin atasanthula kafukufuku wambiri mu 2007, wokhudza ana a kuyambira kalasi yachinayi kupita m'tsogolo, anapeza kuti kulumikiza ziganizo kumakweza kalembedwe, pamene kuphunzitsa malamulo a chiyankhulo paokha, osawalumikiza ndi zimene ana akulemba, sikuthandiza. Mwana akhoza kuloweza tanthauzo la mneni ndi mfotokozi n'kukhoza mayeso, koma osatha kulemba ndime imodzi yomveka.

Nanga ntchito ya pamwamba ija imakula bwanji pamene dzanja likadali lofooka? Mphunzitsi amabwereketsa dzanja lake. Ana adzala mbewu m'chitini pawindo la kalasi, ndipo lero yamera. Mphunzitsi waima pa bolodi ndi choko.

"Ana inu, tikufuna tiwauze a kalasi inayo zimene zachitika. Tiyambe bwanji?"

"Aphunzitsi, tilembe kuti yamera!"

Mphunzitsi akulemba "Yamera", kenako akubwerera m'mbuyo n'kuyang'ana. "Koma anzathuwo sanalipo. Akawerenga adziwa kuti chamera n'chiyani?"

"Mbewu! Mbewu imene tinadzala!"

"Tinadzala liti?"

Mphunzitsi akudula mzere pa mawu oyamba aja ana akuona, n'kulemba: "Mbewu imene tinadzala Lolemba yamera." Pa mphindi zochepazi ana aona zinthu zimene buku silingawaonetse: kuti wolemba amaganizira munthu amene palibe, kuti amadzifunsa mafunso, ndiponso kuti munthu wamkulu amalemba n'kufufuta popanda manyazi. Mawa adzalemba limodzi ndi mphunzitsi, wina atagwira choko. Mkuja adzalemba awiriawiri, kenako aliyense payekha. David Pearson ndi Margaret Gallagher anaifotokoza njira imeneyi mu 1983 monga kutula udindo pang'onopang'ono kuchoka kwa mphunzitsi kupita kwa mwana.

Mawu oyamba amene mwana amalemba akhalenso mawu omukhudza. Sylvia Ashton-Warner, amene ankaphunzitsa ana a mtundu wa Maori ku New Zealand, ankafunsa mwana aliyense mawu amene akufuna tsiku limenelo, n'kumulembera pa kakhadi kuti akhale akeake. Ana ankapempha mawu a zinthu zimene amazikonda ndi zimene amaziopa, ndipo mawu amenewo sankawaiwala.

M'makalasi apamwamba nkhani imasanduka ya chimangirizo. Carl Bereiter ndi Marlene Scardamalia a ku Canada anafotokoza mu 1987 mmene wolemba wamng'ono amachitira: amayang'ana mutu, amalemba chimene chabwera m'maganizo, kenako china, kenako china, ndipo zikatha amati wamaliza. Ndi kukhuthula thumba basi. Wolemba wokhwima amalimbana ndi zimene akudziwazo, amazisanja, amataya zina, ndipo nthawi zina amatulukira ganizo latsopano ali m'kati molemba. John Hayes ndi Linda Flower anali ataonetsa kale mu 1980 kuti olemba okhwima amakonzekera, amalemba, amaunikanso, ndipo amangobwererabwerera pakati pa zitatuzi. Donald Graves, atakhala nthawi yaitali akuonerera ana akulemba m'sukulu ya ku New Hampshire, analimbikitsa kuti ana nawonso azichita chimodzimodzi: asankhe mutu, alembe koyamba, akambirane ndi mphunzitsi, akonze, ndipo zolembazo ziwerengedwe ndi anthu enieni. Njirayi inabweretsa moyo m'makalasi ambiri. Pamene inafooka ndi pamene aphunzitsi anaganiza kuti kupatsa ana nthawi ndi ufulu n'kokwanira. Ana ambiri, makamaka ovutika, amafuna kuonetsedwa poyera masitepe ake: nthano imafuna ndani, kuti, vuto lanji, linatha bwanji, kalata yopempha imafuna pempho, zifukwa, ndi mawu otsekera. Karen Harris ndi Steve Graham akhala akuonetsa kuyambira m'ma 1980 kuti kuphunzitsa masitepe otere mpaka mwana azidziyendetsa yekha kumathandiza kwambiri.

Palinso mfundo ina yosachita kufunsa: munthu sangalembe za chinthu chimene sakuchidziwa. Kalasi imene yakhala sabata yonse ikuphunzira za njuchi, kuona zithunzi, kumva mphunzitsi akuwerenga, kukangana za mfumukazi ya njuchi, idzalemba ndime zonona. Kalasi yomweyo mukaipatsa mutu wogwa kumwamba idzalemba mizere itatu youma. Kuwerengera ana mokweza tsiku lililonse ndi mbali ya phunziro la kulemba, chifukwa ndi mmene khutu limazolowerera kamvekedwe ka chiyankhulo cha m'mabuku. Chiyankhulo chimene mwana akulembamo nachonso ndi nkhani yaikulu. Bungwe la UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, linanena kale mu 1953 kuti mwana amaphunzira bwino m'chiyankhulo chake. Kumuuza kuti ayambire kulemba m'chiyankhulo chimene sachiyankhula ndi kuwonjezera mwala m'kambale kodzaza kale. Akadziwa kulemba m'chiyankhulo chake, luso la dzanja, la chiganizo ndi la kusanja mfundo amapita nalo ku chiyankhulo chachiwiri.

Chinthu chimene chimandiwawa kwambiri ndi kukopera. Mutsegule kope la mwana wina, mupeza masamba odzaza, malembo oongoka, deti pakona, mzere wofiira pansi pa mutu. Kholo limanyadira, woyendera sukulu amakhutira. Ndiyeno mufunseni mwanayo kuti awerenge zimene walembazo. Nthawi zina amangoti duu. Wasamutsa zithunzi kuchoka pa bolodi kupita m'kope, lembo limodzilimodzi, popanda mawu alionse kudutsa m'mutu mwake. Ndikumvetsa chifukwa chake zimachitika: kalasi ikakhala yodzaza ndipo mabuku ndi ochepa, kukopera kumakhazika ana chete ndipo kumasiya umboni wa ntchito. Kulinso ndi phindu lake pophunzira kaumbidwe ka malembo. Koma ngakhale m'kalasi yodzaza n'zotheka kufufuta mawu awiri omaliza pa bolodi kuti ana amalize okha, kapena kuwauza kuti awerenge chiganizo, achiphimbe, achilembe kuchokera m'mutu, kenako ayerekeze. Tsiku lisathe mwana asanalembe chiganizo chimodzi chimene sichinali pa bolodi.

Kachongedwe nako kakhoza kumanga kapena kugwetsa. Mwana walemba tsamba lathunthu koyamba m'moyo wake, za tsiku limene mng'ono wake anabadwa. Kope likubwerera lili psuu ndi inki, cholakwa chilichonse chazunguliridwa, pansi palembedwa nambala. Palibe mawu ngakhale amodzi onena za khandalo. Phunziro limene mwanayo watola ndi lakuti ukalemba zambiri umalakwitsa zambiri, ndiye ulendo wina adzalemba mizere iwiri. Mphunzitsi wanzeru amayamba wayankha nkhaniyo monga wowerenga, kenako amasankha chinthu chimodzi kapena ziwiri zoti mwanayo akonze, ndipo amamupatsa nthawi yokonzadi. Zolakwa zina zonse amazisunga mumtima kuti zidzakhale maphunziro a m'tsogolo.

Zonsezi zimafuna nthawi. Malangizo amene akatswiri a ku America anatulutsa mu 2012, motsogozedwa ndi Steve Graham, amati kuyambira kalasi yoyamba ana azikhala ndi ola limodzi pa tsiku la kuphunzira kulemba ndi kulemba kwenikweni, kuphatikizapo kulemba m'maphunziro ena monga sayansi. Kuyeserera kaumbidwe ka malembo kumangofuna mphindi zochepa, koma tsiku lililonse. Za malembo olumikiza (olembedwa mosadukiza, lina kugwirana ndi linzake) ndiponso za kompyuta, mayiko sagwirizana: Finland inasiya kukakamiza malembo olumikiza mu 2016 n'kupereka mpata waukulu ku kutayipa, pamene California inakhazikitsa lamulo mu 2023 lakuti aziphunzitsidwanso. Kaya ndi pensulo kaya ndi kiyibodi, chofunika n'chakuti zala zifike poyenda zokha. Ndipo mwana amene wafika zaka 8 akuphunzitsidwa bwino koma kulemba kukumupwetekabe, malembo sakugwirika, mawu omwewo akuwalemba mosiyana pa tsamba limodzi, pamene pakamwa amayankha bwino, ameneyo afufuzidwe ndi odziwa za mavuto a kuphunzira, asapatsidwe chilango cholemba mizere 100.

Mwana wa galu uja tsopano ali mu Sitandade 4. Walembanso za galu yemweyo, tsamba ndi theka, ndipo "h" aliyense ali pamalo pake osamuganizira n'komwe. Akuwerengera mnzake wa padesiki. Pakati pa nkhani mnzakeyo akumudula: "Dikira kaye. Wati anakuwa. Anakuwa ndani?" Mwanayo akutsegula pakamwa kuti afotokoze, kenako akuima. Akuyang'ana pa tsamba, akutsata mzerewo ndi chala, ndipo akuona kuti agogo ake, amene m'mutu mwake aima pakhomo ndi tsache m'manja, papepalapo palibe. Akutenga pensulo, akuika kachizindikiro pakati pa mawu awiri, n'kuyamba kuwalemba agogowo m'mphepete mwa tsamba.